Sabata Limene Lukonde Sanayankhe

1. Nyumba ya dzina limodzi

M'fulati ya Ba Ng'andu ku Kabwata munkakhala anthu atatu, koma dzina linali limodzi. Mwana anali Lukonde. Bambo ake ankatchedwa bashi Lukonde, mayi ake bana Lukonde, monga mwa mwambo wa kwawo ku Luapula kumene kholo limadziwika ndi dzina la mwana woyamba. Mlendo akagogoda n'kunena kuti wabwera kwa Lukonde, onse atatu ankadzuka pamipando.

Zimenezi zinkaseketsa kale, Ba Ng'andu asanadwale. Iwo anali dalaivala wa lole ku Heavy Industrial Area, munthu wa nkhani zosatha, woti akayamba kusimba za ulendo wa ku Nakonde tiyi ankazizira m'makapu. Mwezi wa Epulo anagwa ali kuntchito. Madokotala anati ndi sitiroko. Potuluka m'chipatala, mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafooka, ndipo mawu onse anali atawathawa kupatula liwu limodzi lokha.

Liwu lotsalalo linali dzina la mwana wawo.

Akafuna madzi ankati, “Lukonde.” Akafuna kutembenuzidwa pabedi, kapena kuperekezedwa kuchimbudzi, kapena kuti wailesi ichepetsedwe, mawu anali omwewo. Ngakhale pothokoza ankatchula dzina lomwelo, koma motsitsa. Mwina nthawi zina ankaitana mkazi wawo, ndani akudziwa? Koma poti mwini dzina analipo, ndiye ankathamanga n'kuyankha kuti “Mukwai,” mawu aulemu a Chibemba amene mwana amayankhira wamkulu.

Mayi ake, Ba Tryness, ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala m'tauni, kuchoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. M'mawa wodwalayo ankasamalidwa ndi mlongo wake, Ba Mwenya, amene ankakwera maminibasi awiri kuchokera ku Chunga. Lukonde akangofika kuchokera kusukulu, azakhali akewo ankatenga kachikwama kawo n'kumusiyira ntchito.

Tsiku lina mtsikanayo anawerenga. Kuyambira pamene anavula yunifomu mpaka pamene mayi ake anatsegula chitseko, anaitanidwa ka makumi atatu ndi kamodzi. Buku la masamu linali likadali pa tsamba lomwe analitsegula masana. Anali m'Giredi 12, ndipo mayeso omaliza anali atatsala masabata asanu.

Lukonde ankawakonda bambo ake, zimenezi tisazikayikire. Koma dzina lake anali atayamba kudana nalo.

2. Mphindi khumi za Ba Nicodemus

Lamlungu lililonse m'mawa Lukonde ankapita ku Woodlands kukaphunzira masamu apadera. Mphunzitsi wake anali Ba Nicodemus, nkhalamba yopuma pantchito imene inasandutsa galaja kukhala kalasi ya ana khumi ndi awiri. Ankavala tayi ngakhale m'kutentha kwa Okutobala, ndipo ankalankhula Chinyanja chakuya cha kwawo ku Chipata chimene ana a mu Lusaka ankachiseka akatembenuka.

Ba Nicodemus sankalola mwana kutsegula buku asanakhale chete kwa mphindi khumi. Anawo ankati uku ndi kugona kwaulemu. Iwo ankati ndi kusesa m'mutu.

Tsiku limene Lukonde anayamba, mphunzitsiyo anamufotokozera njirayo pamaso pa onse.

“Maganizo ali monga maminibasi pa siteshoni,” anatero. “Kondakitala aliyense akuwa kuti kwela, kwela. Wa ku Chelstone akuwa, wa ku Makeni akuwa. Ukakwela iliyonse imene yakuitana, dzuwa lidzalowa usanafike kwanu. Tsono khala wowongoka, tsinzina, uwelenge mpweya wako kufika khumi, ubwelelenso pa chimodzi. Galu akauwa, umumve, umusiye apite. Njala ikaitana, uimve, uisiye ipite. Mantha a mayeso akabwela, nawonso ndi minibasi chabe.”

Kenaka anavula magalasi, ndipo ana akale anadziwa kuti gawo lalitali lafika.

“Manje mvela mbali yachiwili, pakuti ndiyo imene ana amaiwala. Mphindi khumi, osapitilila. Mukati umo muli chete wokoma, ndipo chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ine zimenezi anandiphunzitsa mnzanga wina wa ku India amene tinaphunzitsa naye ku Kabwe, ndipo iye anali ndi womuyang'anila zaka zambili. Inu mulibe. Ndinali ndi mnyamata wanzelu m'kalasi muno. Anazikonda zimenezi, nayamba kukhala maola awili, atatu, yekhayekha, osauza munthu. Tsiku lina anabwela kudzandiuza kuti nkhope ya amake ikuoneka ngati chithunzi cha pa kalendala. Anali kudziwa kuti ndi amake, koma mumtima munalibe kanthu. Panapita chaka kuti abwelele mwakale. Nchifukwa chake ndikuti ukatha, usangonyamuka. Gwila pansi ndi dzanja, utchule dzina lako mokweza, upatse moni munthu amene ali pafupi. Khomo lolowela likhale lotulukilanso. Ndipo pali minibasi imodzi imene sungaisiye kuti ipite. Munthu wamoyo akakuitana, tsegula maso.”

Atatha, ana onse anatsinzina. Mphindi khumi zitakwana anagwira simenti, aliyense n'kutchula dzina lake, ena akuseka. Lukonde anatchula lake motsitsa kwambiri moti ngakhale iye mwini sanalimve.

Mawu onse a nkhalambayo anawamva. Koma monga amachitira ana ambiri, anasunga mbali imene inamukomera.

3. Mtsikana wa pagalasi

Njirayo inagwira ntchito, ndipo apa ndi pamene panali msampha. Patangotha sabata imodzi Lukonde ankatha kuwerenga tsamba lonse osadzuka. Masamu amene ankamuzunguza mutu anayamba kumasuka okha. Aphunzitsi a kusukulu anamuyamikira pamaso pa anzake.

Iye anaganiza kuti ngati mphindi khumi zachita zotere, makumi atatu zidzachita zoposa. Anayamba kukhala chete nthawi yopuma, kuseri kwa kalasi ya sayansi. Anayamba kukhala chete m'minibasi, atapanikizika pakati pa matumba a anthu. Kenaka linakhala ola lathunthu m'bandakucha, asanasambe. Zogwira pansi ndi kutchula dzina anazisiya, poti zinkamuchititsa manyazi.

Akawerenga mpweya nthawi yaitali, manambala ankazimirira okha. Pambuyo pake ankafika pamalo ena opanda mayeso, opanda fungo la mankhwala, opanda mtsikana wotopa. Kumeneko kunalibe Lukonde, ndipo n'chifukwa chake ankakukonda.

Posakhalitsa zachilendo zinayamba kumutsatira ngakhale maso ali otsegula. Tsiku lina akutsuka mbale anaona manja awiri akugwira ntchito m'sinki, ndipo anawayang'ana nthawi yaitali akudabwa kuti ndi akhama chotere. Tsiku lina aphunzitsi poitana mayina anatchula lake katatu. Ana onse anacheuka kufuna mwini dzina, nayenso anacheuka nawo.

Lachinayi mayi ake anamutuma kuti akawapeze kuntchito atenge mapiritsi a bambo ake. Akuyenda mu Cairo Road, pakati pa ogulitsa ndi anthu othamangira mabasi, anakumana maso ndi maso ndi mtsikana wa yunifomu ya sukulu yake. Anaima kuti mnzakeyo adutse. Mnzakeyo anaimanso. Anadikirana choncho mpaka mayi wina wogulitsa mapeyala anamufunsa ngati akufuna kugula galasi lonse la sitoloyo.

Lukonde sanaseke. Anadziwa kuti nkhope ija ndi yake, koma anaidziwa monga munthu amadziwira yankho la pa mayeso. Anachita mantha pang'ono, ndipo pofuna kuthetsa manthawo anatsinzina m'minibasi ulendo wonse wobwerera ku Kabwata.

Amene anazindikira anali Ba Mwenya. Lachisanu masana, m'malo motenga kachikwama kawo, anatseka chitseko cha chipinda cha wodwala n'kumukhazika mtsikanayo pa mpando wa m'khitchini. Lukonde ankawatcha ba mayosenge, ndiko kuti mlongo wa bambo, ndipo ankawaopa kuposa mayi ake.

“Nakuitana katatu,” anayamba motero Ba Mwenya. “Menso yako yali pali ine, koma iwe kulibe. Uyenda kuti masiku yano? Nkala nikuuze. Kwatu ku Mansa banatiuza ati ukamvela zina yako mu sanga, kuthengo uko, osayanka ngati sunamuone wamene akuitana, chifukwa si bonse boitana bali na mendo. Iyo lamulo uiziba, na bana ba mu tauni baiziba. Koma ba tata benze kukamba inangu yamene bantu banaibala. Benze kukamba ati zina ni ntambo, ni chingwe. Bako bagwila uku, iwe wagwila uku. Bakadonsa, iwe udonsa, ndiye kuziba ati tonse tikalipo. Manje ukaleka kuyanka bamoyo, ntambo igwa pansi. Ndipo mwana wanga, vilipo vamene vimatola ntambo yagwa. Sinikuyofya iyayi. Ine nine mu Dorika, nimapempela, sinimayenda ku ng'anga. Koma vamene naona pa menso pako sinavikonde. Ngati walema, kamba ati nalema. Kulema si chimo. Nizagona kuno, nizaleka vonse ku Chunga. Koma osankala na ise na tupi chabe.”

Mpata unali umenewo. Akanangonena liwu limodzi lija lakuti “nalema,” azakhali ake akanagona m'fulatimo usiku womwewo.

“Nili chabe bwino, ba mayosenge,” anatero Lukonde.

Ba Mwenya anatenga kachikwama kawo kuti Sabata lisawapeze m'njira.

4. Kasanu ndi kawiri

Banja la Ba Ng'andu linali la mpingo wa Sabata. Dzuwa likalowa Lachisanu, Ba Tryness ankasonkhanitsa mabuku onse a sukulu n'kuwaphimba ndi chitenje pamwamba pa kabati, ndipo palibe ankawakhudza mpaka dzuwa la Loweruka litalowa. Lamulo limeneli silinkasintha, ngakhale mayeso a masamu anali Lolemba.

M'mawa wa Sabata Lukonde anapita kutchalitchi, mayi ake n'kutsala ndi wodwala. Masana anasinthana. Ba Tryness anavala yunifomu yabuluu ya amayi a Dorika, poti tsiku limenelo gulu lawo linkapita ku Chelstone kukaona odwala. Odwala a eni ake amakhala ndi mwayi wotere, amaimbiridwa nyimbo ndi anthu amene asiya awo kunyumba.

Ali pakhomo anamukumbutsa mwana wawo kuti mapiritsi ndi a fifitini awazi, ndiko kuti 3 koloko masana, ndiponso kuti zitseko zonse ziwiri, cha iye ndi cha bambo ake, zikhale zotsegula.

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Fani inali chiimire, ndipo m'fulatimo munkatentha ngati m'uvuni. Lukonde anawamwetsa bambo ake madzi, anawatembenuza, n'kuwaikira pilo kumsana. Akuti achoke, iwo anamugwira mkono ndi dzanja lawo lamanzere, lamoyo lija.

“Lukonde,” anatero motsitsa.

Anawafunsa ngati akufuna madzi ena, kapena kuchimbudzi, kapena kuti atsegule zenera. Iwo anangomuyang'ana, kenaka anakweza dzanjalo n'kugwira mutu wawo chakumanzere. Lukonde anaganiza kuti ndi kutentha. Ananyowetsa kansalu, anawaika pamphumi, n'kutuluka.

Nthawi inali itangopitirira 2 koloko. Mabuku anali pansi pa chitenje. Mantha a Lolemba anali pachifuwa pake ngati mwala, ndipo anali ndi njira imodzi yokha yowachotsera. Anadziuza kuti kukhala chete si ntchito, ndipo Sabata ndi tsiku lopuma. Anadziuzanso kuti mphindi khumi si kanthu.

Analowa m'chipinda chake. Anaima pang'ono dzanja lili pa chitseko, kenaka anachikankha mpaka chinatsekeka.

Anakhala pansi, msana kukhoma, n'kutsinzina. Anawerenga kufika khumi, anabwereza, anabwerezanso. Phokoso la ana osewera mpira pabwalo la mafulati linabwera n'kupita. Wailesi ya nyumba yapansi inabwera n'kupita. Manambala anayamba kuzimirira, ndipo malo ake aja anali pafupi.

Pamenepo ndi pamene kuitana koyamba kunafika.

Kunali kuitana kwa masiku onse. Mawu akuti “Mukwai” anafika pa lilime lake okha, ndipo chenjezo la Ba Nicodemus analikumbukira bwinobwino. Sitinganene kuti anaiwala. Anangoti kamodzi kokha, lero lokha, minibasi iyi ipite.

Kachiwiri kunabwera msanga. Kachitatu dzinalo linagawika pakati, n'kukhala timaphokoso titatu topanda mwini, lu, ko, nde. Kachinayi kunamveka ngati mayi wina wa fulati ina akuitana mwana wake wosamva, ndipo Lukonde anamumvera chisoni mayiyo.

Kachisanu kunali kokuwa. Chinthu china chinagwa n'kugubuduka pa simenti.

Kachisanu ndi chimodzi mawuwo anali olemera, ngati a munthu wolankhula chakudya chili m'kamwa. Kachisanu ndi chiwiri kunangomveka mbali yomaliza yokha ya dzinalo.

Kenaka kunakhala chete. Tiyenera kunena zoona ngakhale zikupweteka: m'moyo wake wonse Lukonde anali asanamvepo mtendere wokoma ngati umene anaumva nthawi imeneyo.

Pamene anatsegula maso, mthunzi wa zitsulo za pazenera unali utakwera khoma mpaka kufika pa kalendala. Miyendo inali itachita dzanzi. Anadzuka pang'onopang'ono, anatsegula chitseko, n'kuona wotchi ya pabalaza. Inali 4 koloko ndi mphindi makumi anayi.

Bambo ake anawapeza theka la thupi lili pabedi, theka likulendewera. Dzanja lamanzere linali pansi, litatambasukira kukhomo. Kapu inali pansi pa tebulo, madzi atauma kale. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi, ndipo maso anali otsegula, akuyang'ana pakhomo pomwe iye anaima.

Lukonde anaona mtsikana wina akugwada, akuwagwedeza, akulira mokweza. Anamuona akutsika masitepe opanda nsapato, akumenya chitseko cha Ba Killian, mnansi wawo wa galimoto. Mpaka pamene Ba Killian anamugwira mapewa n'kumufunsa chimene chachitika, ndi pamene anamva kuti pakhosi popwetekapo ndi pake.

5. Ntambo

Ba Ng'andu sanamwalire. Lamlungu masana, nthawi yoona odwala, anali chigonere m'wodi ya amuna m'chipatala chachikulu, paipi ili m'mphuno. Ba Tryness anali atakhala kumutu kwa bedi, akadali m'yunifomu yabuluu ya dzulo lake. Ba Mwenya anaima kumiyendo. Lukonde anali pakati pawo.

Dokotala anali mayi wachitsikana wa maso otopa. Anafotokoza kuti ndi sitiroko yachiwiri, ndipo liwu limodzi limene linatsala lija nalonso lapita. Ngati lidzabwerera, iye sakanatha kulonjeza. Kenaka anafunsa nthawi imene zinayamba, chifukwa pa matenda amenewa maola ndi ofunika kuwadziwa. Anafunsa amene anali ndi wodwalayo.

Ba Tryness anayankha m'malo mwa mwana wawo. Anati mtsikanayo anali atagona chifukwa cha kutopa ndi kutentha, ndipo sanamve kanthu. Ankakhulupirira zimenezo, poti ndi zimene mayi aliyense angaganize.

Bodzalo linali litakonzedwa kale, lopanda woliyambitsa. Lukonde akanangokhala chete, chinthu chimene tsopano ankachidziwa kuposa aliyense.

“Sininagone,” anatero. “Yenze pafupi na fifitini awazi. Bananiitana ka seveni. Ninamvela vonse. Sininayanke.”

Dokotala analemba nthawiyo. Ananena mofatsa kuti palibe angadziwe motsimikiza chimene chikanasintha akanafika msanga, koma sananene kuti palibe chikanasintha. Anapita ku bedi lotsatira.

Ba Tryness sanakalipe. Anayang'ana yunifomu yawo nthawi yaitali, kenaka ananena chapansipansi kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo anasenzetsa denga mwana wa sukulu n'kupita kukaimbira odwala a ku Chelstone. Analira osatulutsa mawu. Ba Mwenya, amene anali ndi ufulu wonse wonena kuti ndinakuuza, anangokonza bulangeti kumiyendo kwa wodwalayo, ndipo zimenezo zinamupweteka Lukonde kuposa kukalipiridwa.

Mtsikanayo anayang'ana nkhope ya bambo ake. Anachita mantha aakulu, chifukwa anaidziwa kuti ndi ya bambo ake, koma inkaoneka patali, yosalala, ngati chithunzi cha pa kalendala. Anakumbukira mnyamata wa Ba Nicodemus ndi chaka chake chathunthu.

Anagwada pafupi ndi bedi. Anaika chikhatho pa simenti yozizira ya m'wodimo, osasamala za alendo a odwala ena amene ankamuyang'ana. Anatsegula pakamwa kuti atchule dzina lake mokweza monga anaphunzitsidwira.

Wina anamutsogolera.

“Lukonde.”

Mawuwo anachokera kumbuyo kwake, kukhomo la wodi. Anali mawu a bambo ake, koma osati a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Anali mawu akale, amphamvu, a munthu amene wangotsika pa lole ndipo ali ndi nkhani ya ku Nakonde yoti asimbe. Koma bambo ake anali patsogolo pake, milomo ili yotseka.

Mayi ake sanacheuke. Anamwino awiri amene ankakankha kangolo ka mankhwala sanacheuke. Khosi la Lukonde lokha ndi limene linayamba kutembenuka, ndipo Ba Mwenya analiona. Anawerama msanga n'kumugwira pamkono mwamphamvu.

“Wamuona wamene akuitana?” anafunsa monong'ona.

Lukonde anapukusa mutu.

“Osayanka uko.”

Mawu aja anaitananso, mokoma, moleza mtima, pafupi kuposa poyamba. Thupi lonse la Lukonde linkafuna kuthamangira kukhomo. Anali ndi mangawa a mayankho asanu ndi awiri, ndipo kumeneko kunali wina wofuna kuwalandira.

Sanacheuke. Anadzikoka ndi mawondo mpaka kumutu kwa bedi, anagwira dzanja lamanzere la bambo ake ndi manja ake onse awiri, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lawo.

“Mukwai, ba dadi,” anatero. “Ndine Lukonde. Nabwela.”

Kenaka chala chimodzi cha m'dzanja lija chinapinda, n'kukanikiza chikhatho chake, mofooka koma mosakayikitsa. Lukonde anakanikizanso. Misozi inatsika, ndipo ulendo uno anadziwa kuti wolirayo ndi iye.

Anadzutsa mutu kuti awaone m'maso. Koma maso a Ba Ng'andu sanali pa iye. Anali atadutsa paphewa lake, akuyang'ana kukhomo la wodi, ndipo ankayenda pang'onopang'ono ngati akutsatira munthu amene akulowa.